Mbiri ya Munthu Wamoyo

Lolemba
Bondo likuwawa. Tadala, mdzukulu wanga wa ku koleji, akufuna ntchito ya pa holide ku ofesi ina ya inshuwalansi ku City Centre. Akapanda kuipeza, holide yonse ali pano, pampando wanga, wailesi yanga ili chete chifukwa eti akuwerenga. Akuti kukufunika sivi, ifike Lachisanu. Sivi n'chiyani? "Mbiri ya munthu, agogo." Basi? Ine ndimalemba ndi kuwerenga mbiri pa maliro onse a mumpingo mwathu. Ntchito yanga imeneyo!

Lachiwiri
Ndikuona yake. Tsamba limodzi! Mudzi palibe, mfumu palibe, ubatizo palibe. Munthu wongogwa ngati matalala. Ndikulemba yanga:
anabadwa wachitatu m'banja la ana asanu,
anadwala chikuku koma Ambuye anakana,
anaimba kwaya,
anali mwana womvera (bodza, koma pa mbiri timatero),
wasiya makolo, abale anayi ndi agogo.
Akuwerenga, akuponya pepala. "Agogo, mwandiika m'manda!" Ana a lero sadziwa ulemu ukawapeza.

Lachitatu
Akuti pamafunikanso anthu omuchitira umboni. Ulendo wa ku Eriya 10, kwa bwana amene ndinkawaphikira kale. Minibasi, dzuwa, mpanda, galu! Mlonda pa kabowo ka geti: "Bwana aja anatisiya chaka chatha, madala." Ndiye mbiri yawo anawerenga ndani? Ndawalembabe. Womwalira sanenera munthu zoipa.

Lachinayi
Kotayipitsa, kuseri kwa msika. Mayi wa kompyuta akuwerenga, akupukusa mutu. "Wamng'ono chonchi? Chithunzi tiike pakati, tizungulize maluwa?" Ikani! Nkhunda pamwamba? Ikaninso! Masamba anayi, okongola zedi. Potuluka akuti, "Mulimbe mtima, bambo." N'zoona, kufuna ntchito masiku ano n'kolimba mtima.

Lachisanu
Tadala: "Yanga ndinatumiza kale pa foni, musavutike." Pa foni! Ntchito ya foni n'kuitana anthu. Jekete, tayi, envulopu m'khwapa, mwakachetechete. Ku ofesi kuja mayi wolandira alendo akutsegula, akuimirira, akundigwira dzanja ndi manja awiri. Akuitana anzake. Tiyi wamkaka, mpando wofewa, wina akundiperekeza mpaka pa siteji. Ulemu wotere? Ntchito yapezeka basi!

Loweruka
Foni ikulira, nambala yomwe ndinalemba pa sivi, ya Tadala. Mayi uja, akufunsa kuti thupi linyamuka liti. Tadala: "Ndine Tadala." Kukuwa kukumveka mpaka kukhitchini! Kani anali atamusankha kale chifukwa cha katsamba kamodzi kaja, akayesedwe Lolemba. Dzulo nditachoka anamufufuta, n'kuikapo wina. Mwana akulira, akulumbira pa foni kuti ali moyo. Mayi a kunyumba: "Inu bambo, mwapha mwana ndi bolopeni."
Ndadya ndekha, pakhonde.

Lamulungu
Aimbanso. Akuti apite mawa ndi chiphaso, akamuone ndi maso, mwina amubwezera pamndandanda. Mwina. Agogo ake asafikenso. Kope lotsala la sivi yanga lakolezera mbaula, nkhunda ndi maluwa omwe. Mpando ndamusiyira ndekha, wailesi ndazimitsa, akonzekere.
Ku tchalitchi alengeza kuti mkulu wina watisiya, mbiri ndiwerenge ine mawa. Ndibwerere kwa anthu anga. Iwo ndimalemba zomwe ndafuna, palibe anaponyapo pepala.