Miyala Yobereka ya ba Sista Everlyn

Pulani inabadwa Lolemba masana kuseri kwa msika wa Chama, pa kabala ka amayi Doris komwe mipando yake ndi makreti. Dzuwa la Okutobala linali litathamangitsira ngakhale mbuzi pamthunzi, koma amuna atatu anali atazungulira chigubu chimodzi cha masese, mitu pamodzi ngati akupempherera wodwala.

Mkulu wawo anali Meshack, yemwe ankadzitcha Jenerale ngakhale sanalamulepo chilichonse choposa njinga. Kalekale anakakumbako miyala yamtengo wapatali ku Lundazi, nabwerako ndi chipewa chokha, koma kuyambira pamenepo ankalankhula za migodi ngati ndi iye anakwirira miyalayo pansi. Wachiwiri anali Chance, wotchedwa Kiyi, amene ankalumbira kuti m'chigwa chonse cha Luangwa mulibe loko yomukana. Wachitatu anali Jeremy, wogulitsa makala, yemwe anzake ankamutcha Ludzu chifukwa chigubu chikafika kwa iye sichinkabwereranso ndi kanthu.

Nkhani anabwera nayo ndi Ludzu. Atakapereka thumba la makala kwa ba Sista Everlyn, namwino wotumizidwa kuno kuchokera ku Ndola, anasuzumira pawindo. Pabalaza panali bokosi lagalasi lodzaza madzi, pamwamba pake nyale yabuluu, m'kati mwake miyala yoyaka yokha: ina yobiriwira, ina yachikasu, ina yofiira ngati makala amoto. Kuwonjezera apo anamva mayiwo akuuza mnzawo pafoni kuti miyala yawo ikukula bwino, ina yabereka kale.

Jenerale anatsitsa chigubu pang'onopang'ono.

"Yabereka? Iwe boi, unamvetsetsa bwino?"

Ludzu analumbira pa njinga yake. Apo Jenerale anawafotokozera kuti zimenezi anazimvapo ku Lundazi. Anthu ophunzira, anatero, anasiya kalekale kukumba. Manje amangotenga mwala umodzi waukazi ndi wina wamwamuna, kuiika m'madzi, n'kumakolola ngati mbatata. N'chifukwa chake mayiyo sadandaula za malipiro ngati anzake.

Zoona zake zinali zakuti ba Sista Everlyn ankaweta makorale, tinyama ta m'nyanja yamchere timene timamera pamiyala ngati maluwa, pamodzi ndi ndere zofiira zokongoletsa. Anayamba ndi tizidutswa tating'ono ngati chikhadabo, topatsidwa ndi mnzawo wa ku Lusaka, ndipo anabwera nato m'mabotolo atawakumbatira pamiyendo m'basi, msewu wonse wa Chipata ndi Lundazi. Madzi ankasakaniza okha ndi mchere wapadera. Anagula sola ndi batire kuti magetsi akazima pampu isaime, ndipo miyezi yotentha ankaviika m'madzimo mabotolo oundana. Akaweruka ali otopa, fungo la mankhwala lili m'zovala, ankakhala pansi kutsogolo kwa galasilo mpaka mtima ukhazikike. Koma zimenezi pa kabala ka amayi Doris palibe ankazidziwa, ndipo Jenerale sanali munthu wofunsa.

Anagwirizana Lachitatu m'mawa. Mwininyumba adzakhala ali kuchipatala, oyandikana nawo onse ndi aphunzitsi, adzakhala ali m'kalasi. Iwo adzapita ngati ogulitsa makala, chifukwa wogulitsa makala palibe amamuyang'ana kumaso. Kiyi adzatsegula, Ludzu adzanyamula, Jenerale adzaganiza. Anamaliza chigubucho akukangana mtundu wa galimoto yomwe adzagule.

Lachitatu anafika ndi njinga ziwiri, matumba akuda ndi ndowa. Kiyi anagwada pachitseko ndi waya wake, lilime lili panja, kupotoza uku, kupotoza uku, mpaka wayayo unathyokera m'kati. Anati lokoyo ndi yachilendo, ilibe ulemu. Pamapeto pake analowera pakawindo ka kubafa, mutu patsogolo, nagwera m'beseni la zovala zonyika. Anakatsegulira anzake chitseko chakumbuyo sopo ali m'makutu.

Atafika pabalaza, onse atatu anangoima. Ludzu sananame. Miyala inkayaka pansi pa nyale yabuluu ija, timaluwa take tikugwedezeka pang'onopang'ono, ndere zofiira zikuvina ndi madzi, ndipo kansomba kamodzi ka mizere yoyera kankawayang'ana ngati kakufuna kudziwa dzina la aliyense. Kiyi anavula chipewa osadziwa kuti wavula.

Anayesa kunyamula bokosi lonse, koma linakana ngakhale kusuntha. Jenerale anapinda malaya, nalowetsa dzanja m'madzi. Nthawi yomweyo kansomba kaja kanamujompha pachala, kenako kachilombo ka ndevu zazitali kanatuluka kuseri kwa mwala, kanamukwera padzanja n'kuyamba kumutokosa m'zikhadabo. Jenerale anadumpha chammbuyo mpaka kugwetsa tebulo. Atapezanso mpweya anauza anzake kuti asaope, amenewo ndi alonda a mankhwala, ndipo kupezeka kwawo ndi umboni wakuti katunduyo ndi weniweni. Kenako analamula kuti Kiyi ndiye atulutse miyalayo.

Kiyi anaitulutsa ndi manja osavala kanthu, umodziumodzi, ikumucheka zala. Ludzu, poona madzi ochuluka chotero ali poyera, anatapa ndi chikhatho nalawa, nalavulira pampando. Jenerale anati mcherewo ndiye feteleza wake, choncho anathira madziwo m'ndowa mpaka kumiza miyala. Anazulanso ndere zofiira zija, akuti ndiyo mbewu.

Potuluka, Ludzu analoza batire lalikulu lomwe linali pakona, ndi wailesi yakanema pakhoma. Anati zimenezo akudziwa munthu amene angazigule lero lomwe.

"Ivo ni va mbava zing'onozing'ono," anatero Jenerale. "Ise manje tili mu bizinesi ya migodi."

Anakabisala m'kasitolo kosamalizidwa panjira ya ku Kambombo, kopanda windo, kokhala ndi chitseko cha lata. Jenerale anavundukula ndowa mwaulemu ngati akutsegula mphatso ya ukwati.

M'ndowamo munali miyala yotuwa, yoterera, yonunkha ngati nsomba yagona padzuwa. Timaluwa tonse tinali titadzitseka. Kuwala kuja kunalibe, chifukwa kunatsala kunyumba pamodzi ndi nyale yabuluu.

Kiyi anayang'ana Ludzu. Ludzu anayang'ana Jenerale. Panabuka mkangano wakuti wina wasinthanitsa katundu panjira, mpaka anakhuthula matumba a makala aja. Koma Jenerale sankasowa yankho. Anati mwala wamtengo wapatali ukachoka kwa mwini wake umachita manyazi, umadzikuta ndi litsiro. Ku Lundazi ankaukwecha, ukakana ankauwiritsa.

Anasankha mwala waukulu kuposa yonse, wodzaza timaluwa, naukwecha ndi burashi yawaya, madzi ake akuwathovukira kumaso. Utakana kuwala, anakoleza mbaula ndi makala a Ludzu, naponya mwalawo mumphika. Chitseko anachitseka bwinobwino kuti odutsa asaone chuma. Madzi atayamba kubwata, onse atatu anaweramira mumphikamo, mitu pamodzi, kudikira kuti mtundu ubwerere.

Makorale ena amtundu umenewu ali ndi poizoni woopsa. Oweta amawagwira atavala magolovesi, ndipo chinthu chimodzi chimene amachenjezana kuposa zonse ndicho kusawawiritsa. Anyamata athu ankaukoka nthunziwo ndi mphuno zonse.

Woyamba anali Ludzu, amene anati m'kamwa mwake mukumveka ngati watafuna msomali. Kenako Kiyi anayamba kuyetsemula mosalekeza, zala zake zochekeka zija zitatupa ngati chinangwa. Jenerale anati chimenecho ndi chizindikiro chakuti mphamvu ikutuluka, koma sanamalize chiganizo chifukwa chifuwa chinamugwira. Posakhalitsa onse anali panja, akukwawa m'fumbi, maso ofiira, thupi likunjenjemera padzuwa la Okutobala. Chifuwa cha Ludzu chinkalira ngati wenzulo.

Anawatola ndi mlimi wina wa ku Kambombo amene ankapita kuboma ndi ngolo ya chimanga. Anawakweza pamwamba pa matumba osafunsa zambiri. Jenerale, ngakhale ankapuma movutikira, anakana kusiya ndowa. Anaikuta ndi thumba, naikumbatira ulendo wonse. Panjira anayesa kupangana bodza loti akanene, koma aliyense ankatsokomola nthawi imene mnzake akulankhula.

Za chipatala Jenerale anali ataziganizira kale. Anatsimikizira anzake kuti mayi uja amagwira kwa azimayi oyembekezera, kumene mwamuna safikako. Atalowetsedwa m'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi, amene anatembenuka atavala magolovesi anali ba Sista Everlyn.

Iwo sanadziwe kanthu. Anaona amuna atatu akubanika, nayamba ntchito yawo. Anafunsa chimene chachitika. Kiyi anati adya bowa woipa. Ludzu, nthawi yomweyo, anati amapopera mankhwala m'munda wa thonje. Jenerale anati alumidwa ndi njuchi pamaliro. Ba Sista anangogwedeza mutu, poti bowa mu Okutobala kulibe ndipo thonje linakololedwa kalekale. Akuweramira Kiyi kuti amuone maso, anamva fungo lomwe m'Chama monse limapezeka m'nyumba imodzi yokha. Pabatani la malaya ake panali patakodwa kanthambi ka ndere zofiira.

Anakachotsa, nakayang'ana padzanja. Kenako anayang'ana ndowa yomwe inali pakati pa miyendo ya Jenerale. Nkhope yawo inasintha, koma mawu sanakwere.

"Mwawiritsa ingati?"

Jenerale anati sakudziwa zimene akunena, m'ndowamo muli mbatata za azakhali ake. Ba Sista anamuuza modekha kuti ngati apuma nthunzi ya chimene akuchiganiziracho, mapapo awo akhoza kutseka dzuwa lisanalowe, ndipo sangawathandize bwino asanadziwe zoona.

"Umodzi chabe, ba Sista," analira Ludzu. "Uja waukulu. Ine ninakamba kuti titenge batire."

Mwala waukuluwo unali woyamba umene mayiwo anabwera nawo kuchokera ku Lusaka, uli kadontho. Anatseka maso kanthawi, kenako anaitana dokotala, namufotokozera za poizoniyo. Anawaika atatuwo pa mpweya, kuwatsuka maso, kumanga zala za Kiyi. Atatsimikiza kuti palibe amene afe, m'pamene anapempha chilolezo, nanyamula ndowa, nakwera njinga yamoto yahayala. Anthu amene anawaona akudutsa pamsika akuti yunifomu yoyera inkauluka ngati mbendera, ndipo woyendetsa ankalalatiridwa ndi ba Sista pa bampu iliyonse.

Kunyumba anapeza chitseko chili pululu, tebulo lili chagada, kansomba kali moyo m'madzi otsala. Miyala anaitsuka ndi kuibwezera umodziumodzi. Ina inali itafa kale ndi kutentha kwa m'ndowa, koma yambiri, patapita nthawi, inayamba kutsegula timaluwa take pang'onopang'ono. Anatumanso uthenga kuti m'kasitolo momwe atatuwo anati anawiritsiramo mwala musalowe munthu ndipo mphikawo ukwiriridwe.

Anabwerera kuchipatala dzuwa litapendeka, napeza atatu aja agonekedwa m'wodi ya amuna, wapolisi atakhala pampando pakati pawo akulemba. Nkhani inali itafika kale kumsika, moti m'mawindo munadzaza mitu. Ngakhale odwala amene m'mawa sankatha kudzuka anali atakhala tsonga.

Jenerale, maso atatupa mpaka kutsala timing'alu, anakweza chophimba cha mpweya. Anati popeza zinthu zafika apa, akufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha asanapite kundende: miyala imeneyi amagula ndani?

Ba Sista anamuuza kuti palibe. Si miyala yamtengo, ndi tinyama. Ikachuluka amadula tizidutswa n'kupatsa anzawo a ku Lusaka kwaulere. Kuyambira ku Tembwe mpaka ku Kambombo, munthu yekhayo amene angaifune ndi iwo eni.

Wodi yonse inaseka, wapolisi mpaka cholembera chinagwa. Jenerale yekha sanaseke. Zinkaoneka kuti mutu ukugwira ntchito. Kenako anatsitsa mawu ngati ali pa kabala.

"Manje ngati ni imwe mweka customer, ba Sista, tikambe bwino. Kamodzi kanatsala. Mungapereke zingati?"

Anasisita thumba la buluku lake. Anali atabisa kamwala kamodzi kuyambira kunyumba kuja, kuti anzake asadziwe, ndipo kanali katakhala pantchafu yake tsiku lonse, kakutulutsa madzi. Apa m'pamene aliyense anaona kuti mwendo wake wamanja watupa mpaka buluku lamatirira ngati chikopa cha ng'oma.

Kiyi ndi Ludzu anayesa kudzuka kuti amumenye, koma mapaipi a mpweya anawabweza. Wapolisi anatola cholembera, nafunsa kuti zimenezo alembenso. Ba Sista Everlyn anavala magolovesi awiri dzanja lililonse, natenga sizasi yaikulu pathireyi, nauza anthu a m'mawindo kuti amene ali ndi ana awachotse. Kenako anayamba kudula buluku la Jenerale kuchokera kuphazi kupita kumtunda.