Makina Amanyazi a pa Shopu ya ba Anti

Lolemba

Foni ya pashopu yalira kasanu. Ndayankha kawiri. Kusoka ndimatha, mabatani anga sathothoka, koma munthu akati "halo" lilime langa limauma.

Nkhani yabwino! Ba Memory, mwana wa ba Anti amene akuphunzira za makompyuta, aika makina oyankha makasitomala pafoni. Akayenda bwino, ine sindidzagwiranso foni. Ambuye ndi abwino!

Makinawa ali ndi zida zitatu:
1. kulemba tsiku loti munthu adzayezedwe
2. kunena ngati chovala chatha
3. kuimbira ba Anti

Pansi pa chida chilichonse pali mawu ofotokoza nthawi yochigwiritsa ntchito. Ba Memory akuti makina saona shopu, sadziwa komboni yathu ya Mtendere, amangokhulupirira mawuwo. Ntchito yanga: kunamizira kasitomala, kulemba mauthenga, kuona ngati asankha chida choyenera. Akakhoza, ndichonge. Akalakwa, mtanda.

Ndajambula mizere mukope ndi rula.

Lachiwiri

Mauthenga khumi. Makina akhoza onse! Ndachonga mpaka dzanja kutopa.

Ba Memory awerenga umodzi mokweza: "Mwaswera bwanji amayi, pepani kukusokonezani, ndimati ndifunse nawo ngati siketi yanga yobiriwira yatha." Aseka mpaka kugwira khoma.

"Iwe, nindani amalemba so mu Lusaka? Lemba monga bantu!"

Ndine munthu inenso.

Lachitatu

Ndakopera mauthenga enieni a makasitomala akale:
- "Muliko?"
- "Ija yanga?"
- "Nibwela manje manje"
- chithunzi cha diresi, popanda mawu

Makina asokonezeka. Pa chida chachitatu palembedwa kuti "imbira mwini ngati sukudziwa." Ndiye sakudziwa chilichonse! Foni ya ba Anti yalira kakhumi ndi kamodzi, iwo ali ndi mapini pakamwa, akuyeza mayi wina wonenepa wa ku Kalingalinga.

"Chosani vintu ivi, vizanipaya!"

Mitanda yokhayokha. Ba Memory akuthamangira mayeso a kusukulu, akuti ndikonze ndekha mawuwo, ine ndiye ndimawadziwa ba Anti. Ndayamba papepala ndi pensulo, katatu, kenako ndalowetsa:

"Imbira ba Anti pokhapokha nkhani ikakhala yaikulu kwambiri. Usaimbe akamadula nsalu, akamadya, akamapemphera, akamacheza ndi mlendo, kapena ngati angakhale atatopa. Ukakayika, pepesa kwa kasitomala ndipo udikire."

Zaulemu. Ndanyadira.

Lachinayi

Bata! Foni ya ba Anti ili phee pawindo. Akuimba nyimbo ya kwaya, andigulira chimanga chootcha.

Ndayesanso. Ndalemba kuti, "Diresi yang'ambika." Makina apepesa bwinobwino, alemba tsiku la sabata yamawa. Ndaganiza nthawi yaitali, cholembera m'mwamba. Kung'ambika ndi nkhani yaikulu? Palibe wamwalira. Ndikanakhala ine, ba Anti akudula nsalu chonchi, ndikanawasokoneza? Ayi.

Ndachonga.

Lachisanu

Tawatsegulira makasitomala enieni. Tsiku lonse sindinanene "halo" ngakhale kamodzi!

Zomwe ndachita m'malo mwake:
- mipendero isanu ndi umodzi
- kusita malaya a kwaya
- kuthira mafuta makina osokera
- kukhala chete, mokoma

Ba Anti akuti mwina vintu ivi si voipa. Magetsi athima masana, koma ine mumtima mukuwala.

Loweruka

Mayo ine!

Mamawa takisi yaima pakhomo. Atuluka amayi anayi, chitenje chofanana, ndi ba matroni a kichini pate ya ku Kaunda Square, phwando lolangiza mkwatibwi. Diresi ya mkwatibwi tinasoka ife. Ali nayo m'manja. Zipi sikutseka, mkwatibwi wanenepako, ndipo phwando ndi lero masana!

Akuti analemba dzulo kanayi. Makina anapepesa kanayi, n'kuwapatsa Lachiwiri.

Ba matroni akuwa, "Tuesday? Mwana azangena na chani, na saka?"

Ine kuseri kwa nsalu zopachika. Mapazi okha kuoneka.

Ba Anti sanakalipe. Akhazika alendo pabenchi, atumiza zakumwa, andikoka pamkono. Iwo kumasula msoko, ine kuika kansalu m'mbali, timisoko ting'onoting'ono tosaoneka. Ola limodzi. Ba matroni ayang'ana pafupi, ayang'ananso, afuna pomwe tawonjezera, osapapeza. Apita akululutira.

Masana ba Memory atsegula mawu anga aja, awawerenga mokweza pamaso pa mayi awo. Pofika pa "ngati angakhale atatopa" misozi ili mbwee ndi kuseka.

"Makina yalibe mulandu. Yachita vamene unalemba. Wapanga mupasa wako!"

Aona kopenso. Akuti woyesa safunsa kuti ine ndikanatani, amafunsa kuti kasitomala wathandizidwa kapena ayi. Ndafufuta chochonga cha Lachinayi. Pepala labooka.

Lamulungu

Tabwera kutchalitchi. Makina azimitsidwa mpaka ba Memory amalize mayeso. Akadzalembanso mawuwo, wowayesa adzakhala ba Mai Zulu ogulitsa tomato pafupi nafe, amene saopa munthu. Ine ndizingosunga kope, poti mizere yanga ndi yowongoka.

Foni yabwerera m'thumba la epuloni yanga. Basi, ndi mmene zilili.

Yalira nditangomaliza kutsuka mbale. Ba matroni. Akuti azimayi kuphwando afunsa telala wake, akufuna madiresi asanu, ndipo akufuna ba Anti pompano. Ine ndangoti "ee", "ee", "dikirani."

Ba Anti agona kuchipinda, atopa zenizeni, nsapato sanavule. Ndaima pakhomo, foni pachifuwa, ba matroni akupumira m'menemo.

Ndagogoda. Pang'ono, koma ndagogoda.