Phazi la a Mulaviwa

Nkhani iyi ndimayamba ndaunguza kaye ngati pali wachibale pafupi. Ndi yamanyazi, koma imvani.

Kwathu ku esiteti kuli band ya blues rock yotchedwa Chiperoni Boys. "Boys" ameneyo asakupusitseni, wamng'ono mwa onse ali ndi zidzukulu zapabanja. Anayamba kuimba tiyi wa kuseri kwa fakitale akadali mbande. Mamanejala abwera ndi kupita, magitala athyoka n'kumangidwa ndi waya, mano atha m'kamwa, band ili pompo!

Ndiye wa drums wawo analowa Adventist. Loweruka sagwiranso timitengo. Mpando uja ndinaufuna kuposa ukapitawo, ndipo ndinathamangira kwa mtsogoleri wawo, a Mulaviwa.

"Iwe, drums unagwirapo?"

"Madala, ine ndinayambira m'mimba. Afunseni mayi anga mmene ankagonera!"

"Bodza lako ndalimva. Loweruka pa party ya antchito ndiye interview yako. Lamulo la band ino ndi limodzi: usamvere gitala, usayang'ane akazi. Yang'ana phazi langa. Likaponda, menya. Chimene ndachita, tsatira."

Tsiku linafika. Tinayala zida pa kapinga, m'mphepete mwa munda wa tiyi. Anthu ngati pa sikelo yoyezera tiyi: otchola tiyi, akapitawo, bwana manejala ndi madam awo, kutsogolo kwenikweni apongozi anga aakazi ochokera ku Masambanjati, omwe ngakhale panjira timapatukirana.

Tinayamba blues yozizira, yolira ngati ya pamaliro. Phazi likuti pha... pha... ine ndili nalo.

Mwadzidzidzi phazi linafulumira. Ndinafulumira. Linayamba kudumpha, lina n'kulowererapo. Ndinati eya, rock ija ndi imeneyi! Ndinamenya mpaka mbale za drums zinalira ngati ngozi ya minibasi.

Wa bass, a Nakoma, anakuwa: "Iwe, slow down! Utiphera nkhalamba!"

"Ine ndikutsata phazi, achimwene!"

A Mulaviwa anaponya gitala kumsana, n'kuyamba kudzimenya m'ntchafu. Ine roll! Anavula jekete. Ndinavula yanga. Anavula shati. Ndinavula ndi dzanja limodzi, linalo likumenyabe. Anthu anaimirira, mfuu ponseponse. Mumtima ndinati: madalawa amabisa style zaka zonsezi, amadikira drummer woyenera!

Kenako anamasula lamba.

Apa ndinakayika pang'ono. Koma lamulo ndi lamulo, ndipo ntchito sibwera kawiri. Ndinaimirira, phazi likadali pa pedal, buluku pansi! Ndinatsala ndi kabudula wamkati uja wobooka, amene mkazi wanga anandiletsa kale kuyanika panja.

Apongozi anadzifunditsa chitenje kumutu. Madam anatembenukira ku phiri.

Apo m'pamene ndinaona. Miyendo ya a Mulaviwa inali bii! Linthumbu! Mkuluyo anaima pa mzere wake weniweni, ndipo linali litakwera mpaka ku head office. Amayi awiri anathamanga n'kuyamba kuwapuntha ndi zitenje, aliyense akuwamvera chisoni.

A Mulaviwa atapeza mpweya, anatembenuka. Nyimbo zii. Maikolofoni ikadali on. Anandiyang'ana kuyambira kumutu, n'kuima pa kabudula paja.

"Timitengo tanga siya pamenepo, uzipita," anatero, mawu akumveka mpaka ku fakitale. "Koma undiuze kaye, mwana wanga. Ine ndi linthumbu. Nanga iwe n'chiyani?"

Mkulu akayamba kuvula, abale, yambani mwayang'ana pansi.