Mpando Umodzi ndi Akamwini

Usiku wathawu ndinalota maloto oti mpaka pano sakuchoka m'mutu. Tulani kaye zidebezo, amwali, mpopi suthawa. Anajere, inunso senderani kuno mumve, koma zimenezi zisakafike kwa mwana wanga Zione, poti pakamwa panu tonse timapadziwa.

Paja ine m'tauni muno ndinabwera kudzathandiza Zione ali m'chikuta. Mwanayo pano akuyenda, akuthamangitsa ndi nkhuku za eni ake zomwe, ine ndikadali pompano. Nanga ndipite kuti? Nyumba yanga kumudzi inagwa ndi mvula ija, ndikati ndibwerere ndiye kuti ndikagona pamtetete. Tsono masiku ano m'nyumba muja mwachuluka manong'onong'o. Ndikalowa, anthu zii. Ndikatuluka, ayambiranso. Ine si mwana, ndinadziwa kuti akamwini anga, a Dzimbiri, atopa nane, akungosowa pondiyambira. Ndiye dzulo madzulo Zione akundipeza ndikusenda mbatata: "Amayi, bambo a mwana akuti Loweruka tikayende kumalo a zisangalalo, mukakwereko sitima yam'mwamba." Ndinati ohoo! Munthu woti chikwatirire mwana wanga sitinayang'anizanepo m'maso, ndimangomudziwira nsapato, tikakumana panjira wina amapatuka, mawu athu onse amadzera mwa Zione, lero akufuna akandikweze m'mwamba? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinagona nazo.

Ndiye ndangoti nditseke maso, basi Loweruka lafika kale, dzuwa lili paliwombo, ife tili pachipata cha malowo. Chipata chake chachitsulo chozungulira, cholowa mmodzimmodzi. Zione walowa ndi mwana kumbuyo, a Dzimbiri alowa, ine kufikapo, chipata chauma gwa.

"Mayi, mwabwera kudzacheza kapena kudzakhala?"

Chipata kulankhula, abale inu! Ndinati, "Iwe zikukukhudza pati?"

"Ayi, ndimangofunsa. Kunyumba kuja munatinso mwabwera kudzacheza."

Anthu pamzere kuseka chikhakhali. Ndinachifunsa kuti wakutuma ndani, chinangolira kwiii n'kundikankhira m'kati. Ndiye m'katimo mwaima bambo wa yunifolomu yakuda, kolala yoyera mbee, akudinda anthu m'manja. Zione wamudinda manja onse awiri, a Dzimbiri onse awiri, ine dzanja limodzi lokha. Ndinati, "Bambo, linali mwaliiwala." Iye akuti, "Linalo ndi chidindo chotulukira, mayi. Inu sanakulembetsereni." Ndikuti ndimufunse kuti ndani ameneyo, mwadzidzidzi mphuno yake yatalika, manja amera nthenga, kolala yokha ndiyo yatsala momwe inalili. Khwangwala weniweni! Wangoti khwaa, wanyamula chidindo chake kukamwa, uyo wakatera padenga la chimbudzi, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Ndiye tikuyenda, paliponse nyimbo, paliponse anthu akundimwetulira. Ine anthu omwetulira popanda chifukwa sindiwakhulupirira. A Dzimbiri agula thonje lofiira lotsekemera la pakamtengo, apatsira Zione monga mwa mwambo, Zione wandipatsa: "Amayi, akuti mulaweko." Ine kudya pamaso pa akamwini? Ndinakabisala kuseri kwa akavalo amatabwa ozungulira aja. Kuika thonjelo m'kamwa, lasowa. Kuikanso, lasowa. Ndinati basi, chakudya chothawa chokha m'kamwa muli mankhwala, ndinalavula mpaka kukhosi kuuma.

Kavalo wina wothothoka penti akudutsa, akuti, "Anakwenda, mwaswera bwanji?" Wazungulira, wabweranso: "Ine ndayenda pano chibadwire, sindinafike kulikonse." Wazungulira, wabweranso: "Nanenso ndinabwera kudzathandiza chikuta."

Ndinamutukwana. Ndisaname, ndinamutukwana zoti sindingabwereze pampopi pano.

Ndiye mwadzidzidzi tili pansi pa sitima ija. Amwali, njanji yake siyenda pansi ngati ya anthu. Yakwera kumwamba, yapotana, yadzimanga mfundo ngati matumbo a mbuzi okulunga pachifu. Anthu ali m'menemo miyendo m'mwamba mitu pansi, akukuwa ngati kwagwa maliro, koma akatsika akuseka, akukaimanso pamzere. Ndinati awa awadyetsa thonje lija. Duku langa lomweli, lomwe mukulionali, linayamba kundinong'oneza: "Anakwenda, tiyeni tizipita. Mphepo ikandichotsa pano, akamwini aona imvi zanu zonse ndi kadazi kaja. Khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba." Ndinalimangitsa kuti likhale chete, koma mumtima ndinkagwirizana nalo.

Ndikuti nditembenuke, Zione wandigwira pamkono: "Amayi, bambo a mwana akuti mukakana akhumudwa. Ine nditsala pansi ndi mwanayu." Ndiye wabwera woyang'anira mipando, wovala chovesiti chobiriwira, akuyenda ngati pansi pali minga. Akundiyang'ana, diso lina lili pa ine, lina lili kuchipata. Vesiti ija yasanduka yachikasu, kenako yofiira, mchira wapindika kumbuyo, basi ndi bilimankhwe, koma wanyamulabe wezulo pakhosi. Wandikhazika pampando wakutsogolo. Ndangoti cheu pansi, ndaona nsapato. Zakuda, zosongoka, chidendene chakumanzere chodyeka. Mayo ine! A Dzimbiri ali pambali panga, phewa kukhudza phewa.

Ndinakuwa: "Bambo, awa ndi akamwini anga! Mukufuna dziko lindiseke?"

Bilimankhwe anatenga nthawi, lilime likutuluka pang'onopang'ono. "Mipando ya apongozi inatha m'mawa, mayi. Sitimayi sidziwa chipongozi."

Watsitsa chitsulo chotchinga pamimba, chatipana tonse awiri, wezulo walira. Ine nkhope ndalozetsa kumanzere, a Dzimbiri kumanja, makosi kuchita kuwawa. Sitima yayamba kukwera, gwede, gwede, gwede, pang'onopang'ono ngati ikuganiza kaye zoti itichite. Ndiye poti Zione palibe, wopereka mawu ndani? Ndinati, "Chitsulo iwe, uwauze akamwini asendereko uko."

Chitsulo chatembenukira kwa iwo: "Akuti kuno kwawatopetsa, akufuna kwawo."

"Iwe! Ndanena zimenezo ine?"

A Dzimbiri ang'ung'udza kenakake chapansipansi, mphepo yatenga. Chitsulo chabwera kwa ine: "Akuti mumatha shuga."

Amwali inu! Ine shuga? Ine amene ndimathira kasupuni kamodzi, kenanso n'kubweza theka? Ndinati, "Uwauze kuti shuga wawoyo adzamuthire pamanda anga." Chitsulo chikuti kwa iwo, "Akuti basi ya Lolemba ndi yabwino." Ndinachimenya khofi, dzanja kuchita dzanzi. Icho osamva n'komwe, chikuti, "Musandidandaule, mayi. Ine ndimangopereka mawu momwe amaperekera kunyumba kwanu."

Mawu amenewo sindinawamvetse msanga, chifukwa tinali tafika pamwamba penipeni. Tauni yonse ili pansi, madenga ngati zivindikiro za mapoto, ngakhale mpopi uno ndinauona, Anajere muli pomwepo mukulanda malo pamzere monga mwa masiku onse. Sitima yaima kaye. Ndinati ndi pano, apa ndi pamene andikankhire, akauze anthu kuti gogo anachita chizungulire. Ndinayamba kupemphera, ndikusuzumira manja awo ndi ngodya ya diso.

Ndiye mwadzidzidzi pansi pasowa. Tagwa! Mtima wakwera kukhosi, matumbo atsala kumwamba, duku lathawa likukuwa kuti "ndinanena ine!" Ndinaitana mayi anga amene anamwalira kalekale. Ndinakuwa mano onse pamtunda, pamaso pa akamwini, ulemu wonse wa zaka zonsezi kutayikira mumphepo. Sitima yakhota kumanzere, yakhota kumanja, yalowa m'dzenje lamdima, yatulukira pakati pa msika wa kaunjika, anthu akutigulitsa majekete tikudutsa, yakweranso, kenako yatembenuka chadodolido. Pomwepo chitsulo chija changoti, "Ine ndaweruka," n'kutseguka.

Ndinachoka pampando. Ndinaumva ndithu mpando ukundisiya. Ndiye dzanja landigwira pamkono kuti gwi! Dzanja lamphamvu, lokhakhala, la munthu wogwira ntchito ya simenti. Ndinayembekeza kuti lindikankha. Silinandikankhe ayi, linandikokera m'kati.

Sitima yaima pomwepo, ife mitu pansi, ine ndikulendewera padzanja la akamwini. Kulisiya ndigwa, kuligwira ndi malaulo. Ndinasankha malaulo. Ndipo poti panalibenso kwina koyang'ana, ndinawayang'ana kumaso. Amwali, munthu uja ali ndi kampata kumano! Zaka zonsezi ine osadziwa. Maso ake ofatsa, ofiira ndi mphepo, misozi ikutsikira kumphumi poti tinali chadodolido.

"Amayi, pepani ndakugwirani," akutero. "Koma poti mwambo wagwa kale pansi, ndifunseko. Takulakwirani chiyani? Zione akuti mukulira kwanu tsiku ndi tsiku, akuti m'nyumba mwathu mukuona ngati ndende. Ine ndaumba kale njerwa kuseri kuja zoti ndikumangireni chipinda. Akuti mwakana."

Ndinati, "Njerwa zija si za khola la nkhuku?"

"Nkhuku ziti, amayi? Tili ndi nkhuku ife?"

"Nanga za shuga?"

"Shuga wanji? Ine tiyi ndimamwa wopanda shuga, adokotala anandiletsa."

Tinangoti maso tuzu, wina kuyang'ana mnzake. Kenako tonse awiri tinayang'ana pansi. Pansipo pali kanyumba kagalasi koyendetsera sitima, ndipo m'kanyumbamo mwaima munthu, dzanja lili pachogwirira chachikulu chofiira, mwana ali kumbuyo. Zione.

Ndinadikira kuti asanduke. Wachidindo uja anasanduka, wamipando anasanduka, ndinati uyunso amera mchira kapena nthenga, ndidziwe kuti si mwana wanga, ndi chinyama chabe chavala nkhope yake. Ndinadikira, ndinadikira. Sanasanduke. Anali Zione yemweyo, ndi chipsera chake cha phala pachibwano, chimene ndinachipoletsa ndekha ndi mafuta a nsatsi. Apa ndiye mtima unandiwawa, amwali, kuposa kugwa kuja. Ndikanakonda akanakhala fisi.

Watenga cholankhulira, mawu ake amveka malo onse, ofatsa bwinobwino ngati akupereka moni kutchalitchi: "Amayi, bambo a mwana akuti..."

"Usandinamize! Bambo a mwana ali pano, ndawagwira dzanja, pakamwa pawo ndi potseka!"

Akavalo aima. Zione wayang'ana pansi, wakonza mbereko, kenako wakweza nkhope, misozi ili mbwe.

"Chabwino, amayi, ndikunena ndine. M'nyumba muja ndine mlendo. Ndikaphika, mafuta ndachulutsa. Ndikasambitsa mwana, mumamusambitsanso. Ndikasesa, mumadutsamo ndi tsache lanu. Mwana wanga akagwa amathamangira kwa inu. Ndinakwatiwa kuti ndikhale mayi, koma mpaka lero ndine kamtsikana kotumidwa mchere."

Tamvani zimenezo! Ine kungonena kuti ndiwo zasambira m'mafuta ndi mlandu? Kumuonetsa mwana wako kagwiridwe ka khanda ndi mlandu? Ndinafuna kumuyankha zonsezo, mawu anali okonzeka, koma pakamwa panangotuluka kamawu kamodzi, kakang'ono, kosakhala ngati kanga: "Nanga ndikagona kuti, Zione?"

A Dzimbiri akukuwa, "Mayi a mwana, dikirani kaye, tikambirane pansi!" Zione wapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, wagwira chogwirira chija ndi manja awiri, wakoka. Ndiye mwadzidzidzi njanji yayamba kung'ambika pakati, kuchokera pansi kukwera kwa ife, mbali ina ikupita ndi a Dzimbiri, mbali ina ikupita ndi ine. Dzanja lawo likuterereka, latsala zala zitatu, zatsala ziwiri, ndipo njanji ikubwera ikulira zwiii, zwiii, kuima pang'ono ngati yakodwa, kenako zwiii...

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Kunja kwayera, ndili pamatiresi anga m'chipinda cha mwana. Koma kulira kuja sikunasiye. Zwiii. Kutembenuka, Zione wagwada kumiyendo kwanga, chikwama changa chachikulu chili patsogolo pake chodzaza mpaka pakamwa, nsonga ya chitenje changa cha Mvano yakodwa muzipi, iye akulimbana nayo.

Wandiona kuti ndatsegula maso, wamwetulira.

"Mwadzuka, amayi? Gonani, kukadali m'mawa. Ndimangoona ngati zipiyi ikugwirabe."