Mayina a ku Fakitale ya Mabulangete

LOLEMBA

Imelo yabwera! Kapitawo wayankha! Sindinamuonepo, amakhala kudziko lozizira, komanso si kapitawo weniweni. Koma ndiye amayang'anira detabesi yaulere ija, nkhokwe yosungiramo zinthu pa kompyuta, imene anthu a m'maiko osiyanasiyana akulemba mothandizana, ndiye ndimutche ndani? Akuti yatsopano ituluka Loweruka 12 koloko masana. Laibulale yanga ikafika nthawiyo isanakwane, pamodzi ndi buku lake la malangizo, ailowetsa. Dzina langa lidzakhala pa mndandanda wa amene anagwirapo ntchito.

Ndauza amake Chipo. Akufunsa ngati laibulaleyo ili ndi mashelufu. Ndafotokoza kachitatu: mulibe mabuku, ndi timapulogalamu totumikira. Pulogalamu ya munthu ikafuna kanthu mu detabesi imatuma laibulale yanga, iyo n'kukatenga. "Oo, mwapanga mesenjala," atero, n'kupitiriza kusita.

Mesenjalayo ndinamaliza mwezi watha. Chatsala ndi buku basi. Dongosolo:

Lachiwiri: mutu wa kulowetsa zinthu.
Lachitatu: mutu wa kufunsa ndi kusintha.
Lachinayi: mutu wa kufufuta.
Lachisanu: kutumiza.
Loweruka: kuyendayenda m'tauni ngati munthu wodziwika ku Ulaya.

Zaka khumi ndi chimodzi ndinali m'chipinda cha kompyuta ku fakitale ya mabulangete, chipinda chozizira, chikwangwani choletsa kulowa chili pakhomo. Chitsekereni fakitaleyo ndili pa ofesi ino yotengera alendo ku mathithi, ndipo Ba Madamu, eni ake, amandikumbukira pepala likakodwa mu fakisi. Ndikufuna palembedwe penapake kuti ntchito ndimaidziwa. Sindichita manyazi kunena, ndikulifuna dzinalo ndi mtima wonse.

Katsala kamodzi: zitsanzo. Mabuku a anzanga onse amaphunzitsa ndi mndandanda wa zipatso, ife timati tebulo: apulo, peyala, lalanje. Za ana! Ine ndiika anthu. Mayina atatu a ku fakitale akwana.

LACHIWIRI

8 koloko. Mayina atatu: Ba Sitali, foromani. Ba Esnart, otayipa makalata. Ba Mudenda, a pageti. Ntchito yophweka!

Koma ungalembe bwanji Ba Mudenda n'kusiya mng'ono wawo wa ku sitolo, anthu ankabwera pa njinga imodzi? Anayi. Ndiye wa ku sitolo popanda dalaivala wa lole? Asanu.

10 koloko: mayina 41.

Ndawonjezera danga la dipatimenti. Dipatimenti ikalembedwa, fungo lake likubwera lokha. Zimene zandigwira lero:

sayirini ya 7 koloko, inkamveka mpaka ku Linda, amayi ankaphikira nthawi yake;
njinga mulu pageti, aliyense n'kudziwa yake osayang'ana;
thonje m'tsitsi, moti kutchalitchi ankatizindikira ngakhale titasamba kawiri;
tiyi wa m'ketulo yaikulu, shuga wothira ndi mbale.

Zonsezi ndazilemba m'munsi mwa chitsanzo, ngati ndemanga. Zithandiza wowerenga kumvetsa tebulo. Ndikudziuza choncho.

Madzulo ndaima njii. Bambo uja wa ku utoto, manja abuluu mpaka m'zigongono, dzina lake ndani? Anabwera pa ukwati wanga, apongozi anga n'kuyamba kaye ayang'ana manjawo asanapereke moni. Nkhope ndikuiona, kuseka kwake ndikukumva, dzina palibe. Zandiwawa kuposa mmene ndimayembekezera.

Malangizo enieni lero: ndime imodzi. Ndemanga: masamba anayi.

LACHITATU

Nthawi ya nkhomaliro, minibasi ya ku Maramba. Ola limodzi lokha, ndikangofunsa dzina n'kubwerera.

Ba Sitali tsopano amagulitsa masipeya a njinga mumsika. Imvi mbuu, mawu ndi omwe aja oti makina khumi ankalephera kuwabisa. Ndawaonetsa pepala.

"Ba Kompyuta, mwanilemba foromani? Nenze siniya foromani ine! Konzani manje manje."

Ndakonza. Ang'amba katoni ya machubu, ayamba kundilembera mayina kuseri kwake, mzere ndi mzere monga ankaimira pamakina. Wogula wafuna mabuleki, amuuza kuti abwere mawa.

Wa manja abuluu ndi Ba Lubinda. Lubinda! Ndadziomba pamphumi.

"Anatisiya chaka chatha, simunamvele? Tenze chabe bantu bang'ono ku manda."

Sindinamve. Tauni yaing'ono ngati ino, ine osamva. Ndakhala pa kathebulo ka masipeya, iwo n'kunditumira fanta.

Ndabwerera ku ofesi 4 koloko, Ba Madamu ayang'ana wotchi, kenako ine, kenako wotchinso. Apitiriza ntchito yawo. Bola akanakalipa.

Mayina: 112. Ndawonjezera danga lina, "ali kuti tsopano". Maramba. Lusaka. Kumudzi ku Kalomo. Anamwalira. Ambiri sitikudziwa, ndasiya posalemba.

Ndayesa chitsanzo cha kufunsa. Mesenjala wanga wafika pa danga lopanda kanthu, wagwa pomwepo! Pulogalamu yonse zii. Miyezi isanu ndi umodzi ndikuiyesa ndi madanga odzaza bwinobwino, osaganiza kuti munthu angasowe kumene ali.

LACHINAYI

M'mawa ndachiritsa mesenjala. Tsopano akapeza popanda kanthu amabwerera n'kunena mwaulemu kuti palibe. Mizere isanu ndi iwiri yokha, koma ndanyada ngati ndamanga mlatho.

9 koloko ndatukula mutu. Pakhomo pali anthu.

Ku Maramba mbiri yafala kuti fakitale ikutsegulidwanso ndipo Ba Kompyuta ndi amene akulemba mayina. Abwera ndi ziphaso zawo zakale za pageti, zina zomata ndi selotepi. Mmodzi wavala ovolosi yake ya kale, yosita. Azungu awiri ofuna za mabwato aima kumapeto kwa mzere, akuganiza kuti ndi mmene timachitira kuno.

"Iyi ni ofesi, si chipatala," atero Ba Madamu, mano ali limodzi.

Ndatuluka, ndafotokoza. Fakitale sikutsegulidwa. Ndi buku la malangizo a kompyuta, lipita ku Ulaya, mayinawo ndi zitsanzo chabe. Ndaona nkhope zikugwa imodziimodzi, ndipo ndinalakalaka nthaka itandimeza. Ochepa achoka. Wa ovolosi uja wakanda m'mutu.

"Olo ni chisanzo, nilembeni chabe. Zulu, ku spiningi, naini yiyazi."

Ndalemba. Ndalemba onse.

Ba Esnart nawonso abwera, magalasi ali pamphuno. Awerenga masamba anga ataimirira, apeza zolakwa khumi ndi zinayi, andikankha pampando ngati kale, ayamba kutayipa okha. Kulira kwa zala zawo! Ndinangotseka maso, ndinali ku fakitale, kunja malole akudikira katundu.

Mayina: 187. Mutu wa kufufuta: sindinaukhudze. Mawa.

LACHISANU

Mutu wa kufufuta. Chitsanzo chake n'chachifupi: sankha mzere umodzi, uchotse. Funso ndi loti ndani.

Amene anamwalira? Ayi, ndingakhale mfiti.
Amene anapita ku Lusaka? Akadzabwera ku maliro adzamva.
Ba Sitali? Ndikufuna kukhala ndi moyo.

Ndasankha manejala wamkulu, amene anamanga unyolo pageti tsiku lomaliza. Chala chili pa batani, ndakumbukira kuti ndi iyeyo anatenga amake Chipo pa galimoto yake kupita nawo kuchipatala, mvula ikugwa, matenda a uchembere atayamba mwezi usanakwane. Ndachotsa chala.

Nzeru: kupeka munthu! Ndalemba "Phiri, ku sitolo" kuti ndimufufute. Ba Esnart, amene abweranso osaitanidwa, amuona ndisanatero.

"Uyu Phiri ni ndani? Sanasebenzepo uyu. Musatiikile bantu ba boza."

Amuchotsa okha ndi dzanja, chitsanzo changa chapita naye.

3 koloko ndaganiza zotumiza zimene zilipo kuti Kapitawo aoneko. Masamba 58. Modemu, imene imatumiza kudzera pa waya wa foni, yalira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga, yagwira, yayamba kutumiza. Ba Madamu anyamula foni. Yaduka. Kachiwiri, fakisi ya alendo yalowa. Yaduka. Kachitatu ndaima pafupi ndi foni, dzanja lili pamwamba pake, ngati mlonda.

Yankho lafika ndisanaweruke. Laibulale ndi yabwino, akutero. Za danga lopanda kanthu ndachita bwino. Koma buku likhale masamba asanu, tebulo likhale la mizere itatu, mutu wa kufufuta ukhalepo. Ndipo akufunsa, mwaulemu ndithu, kuti Lubinda ndi ndani, nanga n'chifukwa chiyani pali tsamba lathunthu lonena za manja ake.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pusiyo ndi ine.

LOWERUKA

7 koloko ndili kale mu ofesi. Lero palibe chisoni. Mayina onse ndawasungira pa disiketi, ndaitsekera m'dirowa. Tebulo latsopano: apulo, peyala, lalanje. Ndafufuta peyala. Osamva kanthu ngakhale pang'ono! Anzanga aja si opusa.

10.30: masamba anayi atha. Latsala limodzi ndi kutumiza. Ba Madamu apita ku ukwati, foni ndi yanga ndekha. Zitheka!

10.45: kugogoda. Mayi wachikulire, duku loyera, nsapato zili fumbi lokhalokha. Wayenda pansi kuchokera ku Linda. Waomba m'manja pang'ono, wakhala pamphepete pa mpando.

"Ndine mukazi wa ba Lubinda. Nimvela ati mwabalemba mu kompyuta. Nifuna chabe kuona."

Pa sikirini pali apulo ndi lalanje.

Ndatsegula dirowa. Kubwezera tebulo lakale ndi mphindi khumi, ndawerengera, nthawi ilipo. Dzina laoneka, zilembo zobiriwira. Aliyang'ana nthawi yaitali, kenako afunsa kuti zili m'munsizo zikuti chiyani. Ndi tsamba la manja lija. Lili m'Chingerezi, ndiye ndawamasulira mzere ndi mzere. Pa za apongozi anga aseka mpaka kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Koma mwasiyako," atero. "Pamene fakitale inavalika, buluu inayamba kuchoka. Myezi seveni, yasila. Benze kunkala pa kona ya nyumba, bayangana manja, ati aya si manja yanga. Lembani na iyo."

Wotchi ili kumbuyo kwawo, pakhoma. 11.35. Ndikuiona bwinobwino. Ndikanatha kunena kuti amayi, dikirani pang'ono.

Ndalemba na iyo. Ndalemba za njinga yawo, za nyimbo imene ankaimba posamba, za mwana wawo wamkazi amene ndi namwino tsopano. 12 koloko yadutsa tili pa chaka chimene anakwatirana. Pulinta yakokoma, ndang'amba tsamba lawo, alipinda kanayi, aliika m'buku la nyimbo. Ndawaperekeza kukakwera minibasi, akukana, ine ndikukakamira.

Zipatso zanga ndatumiza 2.40.

Yankho 4 koloko. Detabesi yatuluka kale. Mwalowa laibulale ya wophunzira wina wa ku yunivesite, yogwira ntchito yomweyo, ndipo ziwiri sizikufunika. Kapitawo akuti pepani, akuti zikomo. Ndi munthu wabwino, zimenezo n'zimene zikupweteka.

LAMULUNGU

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndimaganiza za wophunzirayo. Mwina alibe ndi ndevu zomwe. Ndikukhulupirira kuti mesenjala wake amagwa pa danga lopanda kanthu. Mulungu andikhululukire, ndaganiza zimenezi nthawi ya pemphero.

Zimene ndapindula sabata ino:

buku la masamba asanu limene palibe adzaliwerenge;
buku la masamba 61 limene Ba Esnart akuti lili ndi zolakwa zina;
Ba Sitali akufuna makope atatu;
Ba Madamu akufuna kulankhula nane Lolemba.

Ku Ulaya sandidziwa, ndipo sadzandidziwa. Ndavomera. Pamsinkhu wanga uno sindiyambanso laibulale ina.

Masana ndabwera ndi mndandanda wonse kunyumba, pepala la pulinta lija losaduka, latambalala kuyambira pa sofa mpaka kukhomo. Amake Chipo agwada pansi, akuyenda nalo ndi chala. Apeza msuweni wawo. Apeza mayi amene anatigulitsa mbaula yathu yoyamba. Pa ena akungoti "mayo", n'kupitirira. Afika kumapeto, abwerera kumayambiriro, ayendanso kachiwiri.

"Batate bake Chipo, nanga imwe muli pati?"

Ndatenga pepalalo. Ndafufuza ku ofesi, ku sitolo, ngakhale ku spiningi. Mayina 187, wa pageti alimo, manejala alimo, wophika tiyi alimo. Ine mulibe. Sabata yonse ndakhala ndikulemba, osadzilemba.

Kompyuta ili kuntchito, ndiye ndapempha bolopeni. Amake Chipo agwirizira pepala pa bondo lawo kuti lisabooke, ine ndalemba m'munsi mwenimweni ndi dzanja: 188, dzina langa, chipinda cha kompyuta, zaka khumi ndi chimodzi.