Kukankha Dona

Inu, tamverani. Kwa Katunga kuno munthu ukhoza kukhala ndi ng'ombe zako, njinga yako, wailesi yako, anthu osakuvutitsa. Koma lole yoyenda sikhala ya munthu mmodzi. Injini ikangolira, basi yasanduka ya mudzi: maliro ndi yomweyo, matenda ndi yomweyo, njerwa za tchalitchi, anyamata a mpira, mbuzi zopita ku msika wa ku Nchalo. Ukakana, anthu sakuyankha. Amangokuyang'ana ngati akuyeza kutalika kwa manda amene udzadzikumbire wekha.

A Geresomo ankalidziwa bwino lamulo limeneli, pakuti anakalambira pa chiwongolero, kututa thonje m'chigwa chino, kenako nzimbe. Atapuma pa ntchito, anzawo anagula ng'ombe. Iwo anagula malole akufa, atatu athunthu! Ina anakaikoka ku Bangula nkhuku zikuikiramo mazira, ina ku Ngabu itamera mtengo pakati. Onse anali akalekale, amphuno zazitali aja, oti agogo anu anakwerapo ali ndi mano onse. Pa atatuwo panali imodzi yapamtima, imene ankaitcha Dona.

"Bambo a Hannah," ankatero akazi awo, mayi Esinala, "amuna ena akatenga mitala amatenga yoti iziwaphikira. Inu mwatenga yoti muziipukuta kunsi."

Anthu odutsa ankati pakhomopo ndi pa manda a malole. A Geresomo sankadandaula, chitonzocho chinali mpanda wawo. Iwo ankangogona chagada pansi pa Dona, sipanala ili kukamwa. Zitsulo zina anakazisaka ku Limbe, nyali zakumbuyo anakazipeza kutsidya ku Mozambique. Matabwa a kumbuyo anawapala okha n'kuwapaka vanishi mpaka munthu kumadziona nkhope. Thupi lonse penti yobiriwira, madigadi akuda bii. Cholinga chinali chimodzi: Dona akwere mapiri a Thabwa, akaime pa chionetsero cha magalimoto akale ku Blantyre asanakalike paliponse, asananyamulepo ngakhale dengu la tomato.

Tsono chinsinsi nachi. Dona anali atadzuka kale! Kungoti a Geresomo ankamuliza pokhapokha chigayo cha dizilo cha a Maliko, oyandikana nawo, chikayamba kugunda, ndipo chikazima nawonso ankazimitsa. Anthu mpaka anayamba kuyamikira a Maliko kuti chigayo chawo chakula mawu, a Maliko n'kumavomera monyada kuti anasintha oilo. Muyenera kudziwanso kuti malole akale amenewa sazima ndi kiyi. Pansi pa chiwongolero pali kachitsulo, ukakakoka mafuta amatsekeka. Kakakhala kokoka, mungakankhe mpaka ku Marka, injini siyankha.

Chakudza sichiimba ng'oma, abale. Kunatulukira a Sebastiano, mlongo wawo wa mayi Esinala, ogulitsa nsomba, amene mwana wawo wamkazi ankakwatiwa Loweruka lomwelo. Anazungulira Dona manja ali kumbuyo.

"Pyadidi, zabwino zedi, alamu! Ndiye mwamuveka kale zaukwati."

"Ndi penti chabe, alamu. M'katimu ndi mtembo."

"Matayala ali ndi mpweya?"

"Ali nawo, koma..."

"Chiwongolero chikutembenuka?"

"Injini, alamu, injini! Siyankha."

"Nkhabe, ayi ndithu, alamu. Lole yakale siifa, imangogona. Imafuna kukankha basi. Loweruka ndibwera ndi amuna."

A Geresomo anayang'ana akazi awo kuti awapulumutse. Mayi Esinala, amene ankadziwa bwino lomwe chifukwa chake chigayo chinakula mawu, sanakweze n'komwe maso pa nyemba zimene ankasankha. "Asiyeni akankhe, bambo a Hannah. Mwina Mulungu achita chozizwitsa."

Mwamunayo anadzilimbitsa mtima. Akankhe, anatero mumtima. Akafika pa mjigo atopa, Dona abwerera pamthunzi pake, nkhani yatha.

Chimene sanachiganizire n'chakuti a Sebastiano ndi munthu wachikhulupiriro. Loweruka m'mawa analamula kuti katundu akwezeretu, kuti lole ikadzuka pasakhale zochedwa. Anakweza nkhuni, mabenchi, migolo ya thobwa, mbuzi zamoyo, ndipo pamwamba pa zonsezo amayi ophika ndi miphika yawo. Chikuni chilichonse chikamagwera pa vanishi paja, a Geresomo ankachimva m'nthiti.

"Pang'onopang'ono ndi nkhunizo!"

"Bwanji alamu, zimva kuwawa?"

Mayi Esinala anakwera kutsogolo, nakhala pambali pa amuna awo, chikwama chili pamiyendo ngati akupita ku Blantyre. A Geresomo anakoka kachitsulo kaja mwakachetechete, naphimbapo ndi bondo.

Dzuwa lake linali la Okutobala la m'chigwa muno, loti mbuzi zimamenyanirana mthunzi wa mtengo wa magetsi. Amuna anaika mapewa, Dona anayamba kuyenda.

"Giya yachiwiri, alamu!"

"Ndaika!"

Lole inagwedezeka, gudu gudu, kenako zii. A Geresomo anapukusa mutu mwachisoni ngati munthu wotuluka m'chipinda cha wodwala. Anayesanso, anayesanso, mpaka pa mjigo.

"Mwadzionera nokha. Tiyeni titsitse katunduyu."

"Titsitse? Simunamve kuti yatsokomola? Amuna inu, yatsokomola kapena ayi?"

"Yatsokomola!"

Inu, kwathu kuno chinthu chokankha sichisowa anthu. Osewera bawo anasiya bawo. Akatekisiti, ali pa ulendo wokakonza tchalitchi, anatsamiritsa njinga pa mtengo n'kuika phewa, jekete ili m'thupi. Mkwati weniweniyo, atamva kuti apongozi ake akukankha, akanakhala bwanji pansi? Anabwera atavala vesiti ndi thalauza la suti. Amayi pamwamba paja anayambitsa nyimbo, okankha n'kumavomera.

Ndiye kunabwera madokotala. A Maliko anati iwo za dizilo amazidziwa, chigayo chawo ndi mboni, vuto ndi kachitsulo kena kamene kamafuna kudzidzimutsa. Anatola mwala, nalowetsa mkono pansi, naphonya, mwala n'kutera pa madigadi, phwaa! Mkulu wina anati lole imeneyi inanyamula anthu ambiri amene anatisiya, mizimu yawo siinauzidwe, nawaza ufa pa boneti. Akatekisiti, pofuna kuti ufa usawapose, anasanjika manja onse awiri pa chitseko n'kupemphera mokweza, manjawo ali noninoni ndi girisi. Kumbuyo wina anakankhira pa nyali ya ku Mozambique ija, inangoti tswaa. Mbuzi nazo, poona kuti ulendo watalika, zinachita zimene mbuzi zimachita.

A Geresomo anali kulira ndi mtima, nkhope ili youma. Akanatha kungokankhira kachitsulo kaja m'kati, mavuto onse n'kutha. Koma ndiye kuti Dona wapita, wasanduka wa mudzi. Anthuwa atopa posachedwa, anadziuza motero. Atafika pa sukulu, akatekisiti anakhala pansi mwadzidzidzi, maso atatembenuka, anthu anawathira madzi, anadzuka, nafunsa ngati yalira. Atamva kuti ayi, anavula jekete.

Mwa zonse zimene a Geresomo anawerengera, anaiwala chimodzi, chifukwa sanalote kuti angafike kutali chonchi. Njira yopita kwawo kwa mkwatibwi ikapitirira sukulu imatsetsereka kulowera ku dambo, ndipo pansi penipeni imakhota. Wolephera kukhota amakalowa m'thamanda lakuya lija, limene ngakhale ng'ombe zimamwa zikuyang'ana uku ndi uku.

"Imani kaye! Alamu, imani!"

"Tiime pa mtsetse? Mankhwala ake ndi amenewa! Amuna inu, kamodzi kokha, ndi mphamvu zonse!"

Anakankha ngati akuthamangitsa mfiti. Dona anawasiya m'manja, nayamba kuthamanga yekha. A Geresomo anaponda buleki, phazi linangolowa ngati aponda m'phala. Mabuleki a lole imeneyi amagwira ndi mpweya, ndipo mpweyawo amaupanga ndi injini, yomweyo imene mwini wake anaitsekera mafuta. Nyimbo kumbuyo kuja inasanduka mfuu. Migolo inagubuduka, thobwa linasefukira pa matabwa, thamanda likukula kutsogolo.

"Bambo a Hannah," anatero mayi Esinala, osakweza mawu, atangogwiritsa chikwama, "kachitsulo kanu kali pa bondoko. Kabwezeni."

"Anthu adziwa!"

"Kumbuyoku kuli amayi a eni ake."

A Geresomo anatseka maso, nakankhira kachitsulo m'kati, naponya giya. Mayo ine, kubangula kwake! Dona analira ngati mkango umene auponda mchira, utsi wakuda tolo, mbalame zonse za m'dambo balala. Giya inamugwira m'chiuno, liwiro linatsika, mpweya unayamba kulowa, buleki inaluma. Anaima matayala akutsogolo ali m'matope, injini ikuguguda bwinobwino, mosalala, mopanda manyazi.

Kenako mayi wina, ali chikhalire m'thobwa, anaimba nthungululu.

Khamu lonse linatsika mtsetse likuthamanga. A Sebastiano anafika opanda malaya, nawatulutsa alamu awo pa chiwongolero, nawakumbatira ndi thukuta lonse.

"Sindinanene? Kukankha, alamu, kukankha!"

"Pemphero," anatero akatekisiti ali wefuwefu.

"Ufa," anatero mkulu uja.

"Mwala uja unafika pamalo pake," anatero a Maliko.

Anatsutsana mpaka ku ukwati, koma pa mfundo imodzi onse anagwirizana, ndipo a Sebastiano anailengeza pa chimkuzamawu, pakati pa kufupa. "Lole iyi anaipenta ndi alamu anga, takhuta, zikomo kwambiri. Koma moyo taipatsa ndife, ndi mapewa athuwa. Aliyense amene wakankha lero asachite manyazi kukagogoda kwa a Geresomo. Ndi yathu tonse!" Anthu anaomba m'manja, amene manja awo ankalola.

A Geresomo anaweramira kwa akazi awo. "Ine ndiwauza zoona. Anali wamoyo kale. Palibe anamudzutsa."

"Auzeni," anayankha mayi Esinala akutapa mpunga ndi supuni. "Muyambe ndi mkwati, mphete yakana kulowa chifukwa cha matuza. Mukatero mupite kwa akatekisiti."

A Geresomo anangoweramira pa mbale yawo ya mpunga. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma saitananso mphezi kuti imuwombe.

Tsiku la chionetsero ku Blantyre, Dona anali kututa mchenga wa chimbudzi cha sukulu. Vanishi anapita ndi mafosholo, ndipo pa chitseko zala za akatekisiti zikuonekabe mpaka lero, anthu amati ndi dalitso.

Komatu musawamvere chisoni kwambiri a Geresomo. Mudzi wonse umadziwa kuti Dona sadzuka popanda kukankha, ndipo iwo sanafune kuukhumudwitsa. Kukakhala matenda kapena maliro, injini ya Dona imalira asanatuluke n'komwe pa mpanda. Anyamata a mpira amakankha mpaka pa mjigo. Koma akabwera a Sebastiano ndi madengu awo a nsomba, Dona amagona tulo tofa nato. Sabata yathayi anthu anawaona a Sebastiano akukankha, atapitirira chigayo, atapitirira mjigo, akuyandikira sukulu, lilime lili panja.

"Alamu!" anakuwa kuchokera kumbuyo. "Bwanji kwa ine ndekha imavuta chonchi?"

A Geresomo anasuzumira pa windo, bondo lili pamalo pake.

"Munamudzutsa ndinu, alamu. Anazolowera manja anu. Kankhani."