Poto ya Bana Mwape Imalankhula

Lolemba
Tangobwera kuchokera ku sikelo. Mwana wanga Tamara watsika thupi. A nesi akuti akatsikanso Lolemba likubwerali amugoneka m'chipatala. Chakudya changa mwanayu amalavula, koma kwa Bana Mwape, amake Mwape a khomo loyandikana nalo, amanyambita ndi mbale yomwe. Pomwe ine ndimaphika molondola! Mavoisi onse a achemwali anga a ku Chipata ali mu foni: soda kachivindikiro ka botolo, mchere kasupuni, madzi kapu. Bana Mwape alibe supuni, alibe kapu. Amangoponya. Sabata ino nanenso ndiphunzira kuponya.

Lachiwiri
Ndapita kwa Bana Mwape ngati wopempha moto. Akutendera chibwabwa, masamba a maungu aja. Ndafunsa za mchere. "Ah mwana, uziona chabe. Poto ikamba yeka." Ikamba! Yanga ili duu chiigulireni. Akuvundula uku akuseka pa foni, uku akukalipira ana awo, maso kumsewu. Chitenge chawo chopanda ngakhale dontho. Mtima ukundiwawa.

Lachitatu
Foni ndaibisa pansi pa pilo. Delele. Ndaponya soda ngati iwo, ndi kadzanja kokhotetsa komwe. Zotsatira:
thovu mpaka pansi
mbaula yazima
malasha onse anyowa
Tamara waseka, koma kudya ayi.

Lachinayi
Nsomba youma ya ku Chanyanya. Ndatchera khutu pa poto, ikungoti bwatabwata. Ndaponya mchere. Palibe wandiuza kuti nsombayo ili nawo kale! Atate ake Tamara akungomwa madzi. "Amake Tamara, foni yawonongeka kodi?" Tamara watenga kasupuni kake, wadutsa pachibowo cha mpanda osacheuka.

Lachisanu
Ndamumva ndi makutu anga. Tamara wawaitana Bana Mwape kuti "mami". Iwo ayankha! Ana anayi ali nawo kale, akufunanso wanga mmodzi yemweyu? Ndamukoka, ndatseka chitseko. Lero adyera pano pakhomo pathu. Phala wakana. Nshima wakana. Nthochi waipondaponda. Pomusambitsa, kamkanda ka padzanja lake kavuka kokha, kamene kale kanali kothina. Mulungu wanga. Ndatsegula chitseko, ndamukankhira ndekha pachibowo. Ndakhala pansi kumvetsera akumutamanda kuti amadya bwino.

Loweruka
Mwina chinsinsi si dzanja, ndi kusasamala. Ndaika nyemba pamoto, foni kukhutu ngakhale mulibe wolankhula naye, maso kumsewu. Ana owakalipira ndilibe, ndakalipira nkhuku za eni nyumba. Kenako mawu kuseri kwa mpanda: "Amake Tamara, vapsa! Chosapo!" Ndiye kuti poto yanga imalankhula, koma imalankhula ndi iwo. Ngakhale poto!

Lamulungu
Ndagonja. Titaweruka ku tchalitchi ndatulutsa foni, ndaphika chibwabwa momvera achemwali, kasupuni ndi kapu. Tamara watseka pakamwa. Mawa sikelo. Ndanyamula poto yonse, manyazi ndasiya pakhomo. "Bana Mwape, lawani, mundiuze chikusowa."

Sanalawe n'komwe. Akhuthulira m'mbale yaikulu, aika pamphasa ndi nshima yawo. Ana awo alumphira ngati sanadyepo chaka chino. Tamara wadzipanikiza pakati, wakankha mwana wawo Mwape ndi chigongono, akudya ndi manja awiri, akulira wina akatapa mbali yake. Mbale yayera.

"Uyu afuna olimbirana nawo chabe," akutero Bana Mwape. "Uzibweretsa poto kuno, mwana."

Tamara wabwera kamimba kali tantha, chibwabwa mpaka m'makutu. Wandigwira tsaya. "Mami, ya ba Anti yabwino. Yako yoipa."

Basi. Wadya. Mawa m'mawa ndiphika phala, ndidutsa nalo pachibowo tisanapite ku sikelo. Wophika ndine. Zikomo alandira ndi iwo, ndipo sakukana.